Maloboti a Adada Asokonekera

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Champhira tilipo, koma maso a Adada akunka nazima. Adokotala akuti shuga yawawononga, sadzabwereramonso.

Makatuni a zimaloboti zankhondo munatumiza pa fulashi aja ndiwo atsala owasangalatsa. Amakhala pafupi ndi TV mpaka mphuno kugunda galasi. Koma ndi ambiri, ndipo woyamba sindikumudziwa. Ndinangoyamba ndi watsopano, poganiza kuti mitundu yowala aziiona bwino. Mnyamata woyendetsa loboti yoyera anafera momwemo, Adada mpaka misozi. Dzulo nditaika wakale, mnyamata yemweyo anatulukira wamoyo, akadali mwana, akuseka. Adada anati, "Zimitsa, mwana wanga. Ndikondwere bwanji poti ndikudziwa komwe akupita?"

Ndapota, ndiuzeni: titsate zaka zomwe anawapanga, kapena mmene nkhani imayendera? Musanene zoti tidikire Khirisimasi mudzawaonetse nokha. Onsewa sawamaliza. Sankhani ochepa, muyankhe sabata ino. Mutumizenso chithunzi chanu chachikulu, akadali otha kuzindikira nkhope.

Mulungu akusungeni. Yewo chomene.

Ndine mlongo wanu,
Tiwonge