Kanyundo Koswera Nkhanu

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Munafunsa ngati n'koyenera kudzakwera boti lija lozungulira doko, limene amadyetsamo nkhanu ndi nsomba. Ndinakuyeserani Loweruka masana, pamodzi ndi Chitsiriza wathu ndi amuna ake.

Zoti muone palibe: zombo zadzimbiri, makontena ndi mbalame zakuba. Nsomba inali yozizira. Koma nkhanu zimabwera ndi kanyundo kamtengo, aliyense kake, ndipo wophika amazungulira matebulo kuphunzitsa: "Pamfundo, bwana, kamodzi kokha. Mukabwereza mudya zigoba."

Chitsiriza kanyundoko kanamukanika kugwira. Zala ziwiri zinali zotupa ngati soseji. Akuti chitseko. Chitseko chomwe chija chinamugulula dzino chaka chatha, ine n'kukhulupirira.

Boti likukhota, funde linatigwedeza, msuzi n'kutayikira pa shati yoyera ya alamu. Anamuwomba mbama Chitsiriza anthu onse akuona, mutu n'kukagunda chitsulo cha m'mphepete. Magazi anadonthera m'mbale. Woimba gitala anangokweza mawu.

"Mlamu, idya zako," anatero alamu, atamugwira tsitsi. "Izi n'za m'banja."

Dzanja lawo linalo linali patebulo. Achemwali, mukundidziwa, ine ngakhale nkhuku sindipha. Koma wophika uja amaidziwa ntchito yake, ndipo chala chikamenyedwa ndi kanyundo pamfundo, kaliridwe kake n'kamodzimodzi ndi ka nkhanu. Ndivomere kuti ndinabwereza katatu.

Iwo anandiswera botolo pachipumi, moti andisoka. Paboti palibe kothawira. Amalinyero anatikhazika wina kutsogolo wina kumbuyo, tikukha magazi, mpaka kudoko. Tinyundo analanda tonse, anthu anamaliza nkhanu zawo ndi mano. Ndiye yankho langa ndi ili: kwerani ngati pali munthu amene mukufuna kumudziwa bwino.

Lolemba ndikukaonekera kupolisi, zimenezo n'zanga. Alamu ali m'chipatala, atuluka Lachisanu, ndipo alumbira kuti ayambira kwa mkazi wawo. Pakhomo panga amapadziwa, panu sanafikepo. Ndimukweza Chitsiriza basi ya Lachinayi m'mawa. Mukamulandire nokha.

Moni kwa ana, muwauziretu kuti asafunse za nkhope ya mayi awo aang'ono. Iye akupereka moni, cholembera sakutha kugwira. Amayi musawauze kaye. Dzulo Chitsiriza wandifunsa kawiri ngati amuna ake adya kuchipatalako. Akayamba kunena zobwerera, mubisireni nsapato.

Ndine mchimwene wanu,
Kalaliki