Chimbudzi cha Bambo Chasiya Kutsokomola

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvuta? Kuno tilipo, kupatula maondo a amayi amene akukana masitepe masiku ano.

Nkhani imene ndakutengera ndi ya chimbudzi, usaseke. Ndikunena chija cha m'chipinda chapansi, chimene malemu bambo anamanga okha kuti asamakwerekwere akamakonza mawailesi a anthu. Ukukumbukira mmene tinkathawira kumeneko mbale zikachuluka? Amayi akatiitana, bambo ankakweza wailesi n'kutitsinzinira diso.

Chimbudzicho chinali ndi khalidwe lake. Munthu akagujumula chapamwamba, chapansicho chinkayankha kuti gubu gubu, ngati bambo akukonza pakhosi asanayambe kutikalipira. Iwe ndi amene unayambitsa zoti chimbudzi cha bambo chimatsokomola.

Chichokereni bambo, m'chipindamo simunkalowa munthu kawirikawiri. Koma mvula yapitayi munayamba kutuluka fungo loti ngakhale mlendo waulemu ankalephera kubisa nkhope. Kenako madzi akuda anabwerera, n'kunyowetsa makatoni a zida zawo.

Ndinaitana pulambala, bambo wina wamfupi, wokonda nthabwala. Atayang'ana anati chimbudzi chili ngati munthu, chimafuna kupuma, ndipo amene anachimanga anaiwala kuchiikira paipi ya mpweya. Amayi anamuyankha kuti amuna awo sankaiwala kanthu, ankangochedwa.

Pulambalayo anaboola khoma n'kukweza paipi kunja mpaka kupitirira denga. Fungo linatha, gubu gubu uja nayenso anatha. Ine ndinasangalala. Koma m'mawa mwake ndinapeza amayi atakhala pamwamba pa masitepe, atatchera khutu. Anandifunsa kuti bwanji nyumba yangoti zii chonchi, kodi bambo ako atuluka osatsanzika?

Za madzi obwerera zija zinali zina. Vuto linali pa paipi yaikulu yotulutsa zonyansa kupita kumsewu. Anakumba ngalande kuchokera pakhoma mpaka pageti, ndipo tinapeza mapaipi akale adothi ataphwanyika, mizu italukana mkatimo ngati tsitsi losapesa.

Inali mizu ya mtengo wako wa mapeyala. Uja unameretsa m'chitini pawindo, tonse tikukuseka kuti udzadya uli ndi imvi. Bambo okha ndiwo anakukumbira dzenje. Mtengowo unayamba kubereka chaka chimene iwe unachoka, ndipo amayi ankasunga mapeyala m'kabati mpaka kuwola, ati mwina utulukira.

Pulambala anadula mizu ikuluikulu ya mbali imodzi, n'kuyala paipi yatsopano yapulasitiki, n'kukwirira. Madzi tsopano akuyenda bwinobwino. Koma mtengo wayamba kupendekera kudenga, cha kuchipinda chimene amayi amagona. Iye anati za mitengo si ntchito yake, komabe atakhala kuti ndi mayi ake, sangadikire mphepo yoyamba ya mvula.

Ndinapeza munthu wodula mitengo. Amayi anamubweza pageti. Akuti mtengowo uli ndi mwini wake, nkhwangwa isaukhudze iye asanabwere. Ndawapempha kuti asamukire kuchipinda changa, akuti anagona mmenemo ndi amuna awo, sangathawe mtengo wa mwana wawo.

Pali china chimene ndakhala ndikuzengereza kukuuza. Tsiku lomaliza la ntchito, amayi anatulutsa kapu yako yachitsulo ija, n'kumuthirira tiyi pulambala. Anamuitana kuti Kanjinga, dzina limene anakupatsa poti sunkakhala pansi. Anamukalipira kuti waonda, n'kumufunsa chifukwa chake sanabwere ndi ana.

Pulambala uja anandiyang'ana, kenako anavula chipewa, n'kulandira kapu ndi manja awiri. Anati ndabwera amayi, ana abwera ulendo wina. Amayi anaseka mmene sindinawaonere akuseka chaka chino. Ine ndinakalirira kukhitchini.

Ndikudziwa kuti umaimba foni, ndipo amayankha bwino. Koma ukadula amandifunsa kuti anali ndani waulemu chonchi.

Mlongo wanga, sindikukudzudzula. Ntchito ndikuidziwa, kutalika kwa njira ndikukudziwanso. Koma pempha tchuthi mvula isanayambe. Udzaime pafupi ndi amayi pamene mtengo ukugwa, ndi iwe wekha amene angakulole. Bwera dzina lako likadali pakamwa pawo, ngakhale akulipereka kwa anthu olakwika.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti ulendo uno asakukanize ndipo nawonso asatsale. Ana uwapsompsone m'malo mwanga. Azakhali ndi amalume akupereka moni. Mulungu akusunge, akufewetsere mitima ya mabwana ako, akufikitse kuno ndi mtendere.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene ndikugona khutu lili kudenga.