Timadontho Tiwiri Pamutu pa U

Lachinayi, ku Chiromo. Kwatentha koopsa, ndipo chakudya chandikanika.

Dzulo mzungu woyeza njanji anatumiza pepala la masamu ake kuti timusindikizire. Amene analemba pepalalo ndi a Jailosi, kalaliki wake, omwe anandipezera ntchito ino yosanja zilembo kosindikizira mabuku. Posanja zilembo ndinapeza u wina ali ndi timadontho tiwiri pamutu. M'bokosi mwathu mulibe chilembo chotere, ndiye ndinangoti ndi manyi a ntchentche. Ndinaika u wamba osafunsa munthu.

Lero mzungu wabweza mapepala onse. Akuti u wa timadontho akuimira nambala ina, u wamba ina, tsono masamu onse asokonekera. Wakalipira a Jailosi pamaso pa anthu kuti ndiwo anaiwala timadonthoto. Ine ndinali pomwepo, pepala lawo lili m'thumba mwanga, timadontho tikuoneka bwinobwino. Ndinangozolika.

Potuluka a Jailosi anandigwira paphewa. "Usadandaule, mwanawe. Maso angawa akalamba."

Akukhulupiriradi kuti olakwa ndi iwo. Mawa ndiyenera kukaonetsa pepalali kwa mzungu. Koma akandichotsa ntchito, mkazi wanga ali ndi pakati chonchi, ndikamuuza kuti...