Mvuu Yadzuka, Bambo

Bambo, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Chithunzi chili pamwambachi tachisankha dala. Amayi ankafuna chija cha suti, koma ife ana tinakana, poti ndani angakuzindikireni opanda girizi pamphuno? Ndiye taika chomwechi: muli mu ovolosi yong'ambika pabondo, mwatsamira Mvuu, mukuseka mpaka maso osaoneka.

Mvuu ndi lole yakalekale ya asilikali imene munaikoka kwa ogula zitsulo ilibe matayala, nkhuku zitasandutsa mpando wa dalaivala chisa. Ife tinkaona chiphapha, inu munkaona mafupa ouma odikira mpweya. Usilikali simunalowepo, ndipo ngakhale nkhuku ya alendo munkapempha aneba kuti akuphereni, koma anzanu anakupatsani dzina loti a Sajeni chifukwa chokonda magalimoto ankhondo. Munkati chitsulo chilibe mlandu, chimene chinanyamula mfuti dzulo chikhoza kunyamula kwaya lero. Ndipo Mvuu inanyamuladi kwaya, mabenchi a kutchalitchi, akwati, ngakhale mbuzi yodwala ya abusa.

Loweruka lililonse bwalo lakuseri linkadzaza. Ankabwera a Wotchera, magalasi akuda owotcherera zitsulo ali pachipumi. Ankabwera Aphunzitsi opuma aja ndi kajipi kawo kosamva kamene kankalira pokhapokha akakanyengerera. Ankabweranso a Dikoni, amene ankalumbira kuti angopereka malangizo, koma n'kubwerera kwawo malaya ali bii. Munkatsegula ndi pemphero lalifupi, chifukwa munkati Mulungu si wogontha ndipo tiyi sadikira. Kenako munkachita chija chinkatopetsa aliyense: kupinda manja kumbuyo. Munthu avutike bwanji ndi nati, inu sipanala osaigwira. Munkangoima pambali n'kumamufunsa kuti dzanja lake likumva chiyani. A Wotchera anakunenani kuti ndinu makaniko yekhayo pansi pano wokonza galimoto ndi pakamwa, inu n'kuwayankha kuti mukawagwirira lero, mawa abweranso ndi nati yomweyo. Ine mwana wanu wamkazi munandiphunzitsa kupukusa handulo yolizira injini, chala chachikulu chili mbali imodzi ndi zinzake, kuti injini ikabweza isachithyole. Mpaka lero ndi mmene ndimagwirira ngakhale mpini wa tsache.

Tsopano tikuuzeni zimene tinachita mutapita, museke bwino. Titachokera kumanda tinaitsuka Mvuu, tinaifunditsa lona, n'kumanga zingwe zolimba. Panalibe wolimba mtima woti n'kukhala pampando wanu. Anzanu ankabwerabe Loweruka, koma ankangokhala pabenchi, kapu m'manja, maso pa lonalo, ngati maliro sanathe. Ife tinkayesa ulemu. Tinaiwala mawu anu oti galimoto siifa ndi ulendo, imafa ndi kukhala. Tinafanana ndi wantchito uja amene anakwirira m'nthaka chuma cha mbuye wake, n'kumadziona ngati wokhulupirika.

Chaka chino ogula zitsulo aja anayamba kudutsadutsa pageti, makosi atatalika. Amayi anatiitana tonse, ana ndi anzanu omwe. Anati iwo anakwatiwa ndi munthu wa phokoso ndi utsi, ndipo manda amodzi akuwakwanira, safuna achiwiri kuseri kwa nyumba. Mvuu ikapanda kulira tsiku la chikumbutso chanu lisanafike, ibwerere kumene inachokera akaiduledule. Mukuwadziwa Amayi, Bambo. Sabwereza mawu.

Titavundukula lona lija tinapeza makoswe atasamukira m'mipando ndi mabanja awo. Ndinagwira handulo, koma osasuntha n'komwe: injini inali itagwirana ndi dzimbiri. A Dikoni anapukusa mutu nati imeneyi yanunkha kale, tiisiye. Aphunzitsi anawakumbutsa kuti mawu otere ananenedwapo pamanda ena, ndipo mwini manda anatuluka akuyenda. Apa m'pamene tinazindikira chimene munkachita ndi manja akumbuyo aja. Ntchito yonse munali mutaisiya m'manja mwa anthu. Aphunzitsi anamasula mapulagi n'kuthira oyilo wosakaniza ndi palafini m'mabowomo, osafunsa munthu. A Wotchera atatenga hamala, tonse tinakuwa pamodzi mawu anu oti dzimbiri silimva ukali, limamva kudekha. Anaibweza hamalayo mwamanyazi, nati amangoiona ngati ikadali bwino.

Tinadikira. Loweruka likafika tinkaika giya n'kumaigwedeza Mvuu kutsogolo ndi kumbuyo, achimwene ndi alamu akukankha, tonse tikuimba nyimbo zija munkatidzutsa nazo m'mawa, a Dikoni akusokoneza besi monga mwa masiku onse. Masiku ankatha, ogula zitsulo ankapereka moni wochuluka. Kenako tsiku lina tinamva kulira kwakung'ono mkati, ngati bondo la munthu wokalamba akamadzuka, ndipo handulo inazungulira. Aphunzitsi anavula chipewa.

Loweruka lapitali, thanki titatsuka, mafuta atsopano titathira, ndinaima kutsogolo kwa Mvuu, chala chili m'malo mwake. Ndinapukusa. Inatsokomola ngati inu m'nyengo yozizira. Ndinapukusanso, ndipo inabangula, Bambo! Utsi tolotolo, agalu a aneba liwiro, a Dikoni akuvina ndi botolo la oyilo m'manja, a Wotchera akulira poyera n'kumanamizira utsi. Ndinatembenuka kufuna Amayi. Anali ataima pakhomo lakukhitchini, manja atapinda kumbuyo, misozi ikutsika koma akuseka. Phokoso litachepa anangofunsa ngati a Sajeni ankaliza galimoto kuti izingolira pabwalo, poti kwaya ilibe chokwera.

Choncho lero m'mawa Mvuu yanyamulanso kwaya, ndipo titaweruka kutchalitchi yatibweretsa kwa inu ndi maluwa. Pachiwongolero panali achimwene. Magiya anawakukuta kawiri, tonse kumbuyo n'kuyang'ana kumwamba, tikudziwa kuti mwamva.

Chisoni sichinathe ayi. Amayi amatulutsabe kapu yanu akamakonza tiyi wa Loweruka. Achemwali anu satha kuona ovolosi ija osapukuta m'maso. Adzukulu amafunsa ngati kumwamba kuli garaja, ndipo ife timawauza kuti kumeneko kulibe dzimbiri, ndiye sitikudziwa kuti agogo awo akutandala bwanji. Ine nati ikandikanika ndimatembenukabe kuti ndikufunseni, kenako ndimamvera dzanja langa. Koma tikuyamika Mulungu amene anatibwereka inu, ndipo tikudziwa kuti amene adzadzutse akufa sadzafuna oyilo kapena handulo.

Lona lija tawapatsa aneba afunditsire nkhuni. Gonani mumtendere, a Sajeni. Sitidzakuiwalani, ndipo sitidzakufunditsaninso.

Ndife akazi anu, ana, adzukulu, achemwali anu, ndi anzanu onse a Loweruka.