Tsitsi Lathothoka Kunkhongo

Zengeza 4,
Chitungwiza

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Mchinji. Ine ndilipo, ndikugulitsabe tomato pamsika.

Lamulungu lapitali, mayi wina amene anakhala kumbuyo kwanga m'tchalitchi anandinong'oneza m'Chishona kuti tsitsi langa lathothoka kunkhongo. Nditagwirapo ndinapeza posalala, pakulu ngati chikhatho. Sindikudziwa kuti zinayamba liti. Mwana wanga Tryphena ndiye ankandiluka, ndipo chipitireni iye ku Joni palibenso amene amandiona kumbuyo kwa mutu.

Ratidzo wa ku saluni akuti ndi mankhwala owongolera tsitsi aja. Amayi a kumpingo akuti ndimaganiza kwambiri. Kodi kumtundu kwathu alipo mkazi amene anachitapo dazi? Bambo akadakhala moyo ndikadawafunsa.

Kuchipatala ananditenga magazi. Namwino sanakambe zambiri za tsitsilo, anangoti zotsatira zikatuluka ndidzabwere ndi wachibale. Ndinavomera. Ndili mukombi pobwerera, dzina limene linandibwerera m'mutu ndi lanu lokha, inu amene sitinaonanepo.

Panopa ndikumanga duku. Tryphena musamuuze, wangoyamba kumene ntchito.

Ndine mwana wa malemu mlongo wanu,
Felesita