Mikwapulo Isanu ndi Itatu ya ku Chibavi

Katawa,
Mzuzu.
14 Ogasiti 1979.

Okondedwa achimwene Frackson,

Monire akulu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Kitweko, ndiponso kuti chifuwa chija munkadandaula nacho mwezi wa Meyi chinatha. Kuno kuzizira kwachepako. Ana anu, Elsie ndi Percy, ali bwino. Amayi ku Chintheche ali bwino, kupatula mawondo.

Za akazi anu, alamu anga a Rhoda, sindinganene kuti ali bwino. Kalatayi ndi yachitatu, ziwiri ndang'amba. Chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Mukukumbukira sewero lija la pa wailesi la Lachisanu lililonse, la bambo wankhanza Chikwakwa ndi mkazi wake Nasibeko? Kuno anthu amalikonda chomene. Aphunzitsi angapo tinagwirizana zoti tilisewere pamaso pa anthu, motsogozedwa ndi a Jasper Mphande amene ndimaphunzitsa nawo. Ine anandipatsa malo a Chikwakwa chifukwa akuti ndine ndekha amene ndingaloweze masamba makumi anayi osaphonya liwu.

Woti akhale Nasibeko ndiye anasowa. Amayi atatu anayesa, koma Chichewa chawo chinkaseketsa anthu pamalo oyenera kulira. A Rhoda, poti sukulu anaphunzirira ku Limbe, amayankhula ngati a pa wailesi enieni. Nditawapempha anakana, nati inu munanena kale kuti mkazi wapabanja saima pansanja kuti amuna azimuyang'ana. Ine ndinawauza kuti ndakulemberani ndipo mwavomera. Linali bodza, achimwene. Sindinakulembereni.

Mukudziwa mmene zinthu zilili kuno. Sewero lisanaonetsedwe limapita kwa akuluakulu, ndipo likabwerako tsamba lililonse limakhala ndi chidindo. Lathu linakhalako miyezi inayi. Tinali titalikopera ndendende monga analilembera a wailesi, ndipo pa tsamba 31 panalembedwa kuti Chikwakwa amenya mkazi wake, mikwapulo isanu ndi itatu. Ku wailesi zimenezi n'zosavuta: akuti amangomenya thumba la madeya, mkazi n'kumalira pambali. Ife tinalibe pobisala.

A Jasper anati tichitire kuseri kwa nsalu, kapena tingomenya kawiri basi. Ndinakana. Ndinati tsamba lili ndi chidindo, ndipo tonse tikudziwa anthu amene anaitanidwa kukafotokoza za liwu limodzi osabwerako msanga. A Jasper anandiseka kuti ine atandipatsa chilolezo chotsokomola kawiri, kachitatu ndikhoza kumeza.

Ndiye ndinakonza zonse mosamala. Ndodo inali phesi la chimanga lokulunga ndi nsalu yakuda. Kumsana kwa a Rhoda, m'kati mwa bulauzi, tinkaikako bulangete lopinda. Pansi ndinkajambula mizere iwiri ndi choko, wanga ndi wawo. Tinayeserera kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. A Rhoda ankafa nako kuseka, ankati alamu, mumamenya ngati mukufufuta bolodi.

Maulendo awiri oyamba, kuno ku Katawa, zinayenda. Anthu analira. Kumsika mayi wina anakana kundigulitsa tomato, nati Chikwakwa achoke, tomato wake sadyedwa ndi mfiti. Ndivomere kuti ndinanyadira.

Ulendo wachitatu unali Loweruka pa 28 Julayi, 2 koloko masana, mu holo ina ku Chibavi. Anthu anadzaza mpaka ena kukhala m'mphepete mwa nsanja, ndipo mapazi awo anafufuta mizere yanga. Pampando wakutsogolo panakhala bambo wina wochokera ku ofesi ya zidindo ija, mapepala athu ali pamiyendo, akutsatira mzere ndi mzere ndi chala. Ine maso anga sankachoka pa chala chimenecho.

Titafika pa tsamba 31, phesi lija linathyoka pa mkwapulo wachiwiri. Anthu anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti Chikwakwa wafooka, mayi abwezere. Nditayang'ana pansi ndinaona chala chija chitaima pamzere, chikudikira. Inatsala isanu ndi umodzi.

Pakhoma la kanyumba kathu ka m'sewero tinali titatsamiritsapo mpini wa khasu. Ndinautenga. Maganizo anga anali oti ndizimenya matabwa a pansi, pambali pawo. Koma mizere panalibe, ndipo a Rhoda anali atagwada mosendera kwa ine chifukwa cha anthu aja, dzanja litatsamira pansi. Mkwapulo wachitatu unagwera padzanjapo. Ina inagwera paphewa, m'nthiti, ndi pakhutu. Ndinawerenga mpaka isanu ndi itatu.

Kenaka magazi anayamba kuyenderera pamatabwa, ndipo amayi a kumsika anakwera pansanja. Woyamba anandimenya ndi nsapato pakamwa. Amuna anathyola mabenchi. Anandikoka miyendo kunditulutsa panja, mutu ukugunda masitepe, ena akukuwa kuti aphedwe, zaka zonsezi akhala akumumva akuzunza mkazi pa wailesi, lero amupeza. Ndinaona munthu atanyamula njerwa ndi manja awiri. A Jasper anadzigwetsa pamwamba panga akukuwa kuti ni sewero waka, ndi sewero chabe, ndipo njerwayo inagwera iwo. Anawasoka mutu malo asanu ndi anayi. Ine ndinataya mano awiri, ndipo diso lamanzere latseguka dzana. Mawindo a holo palibe limene linatsala.

Lolemba lake tinalandira kakalata kochokera ku ofesi kuja koti sewero linayenda motsatira zolembedwa, palibe mlandu.

A Rhoda anawanyamula pa lole ya matabwa kupita nawo kuchipatala. Mkono wamanja unathyoka malo awiri, nthiti imodzi inang'aluka, khutu lamanzere silikumva. Adokotala akuti mwina zala sizidzagwiranso sizasi bwinobwino. Makina awo osokera ndawavindikira ndi nsalu.

Alongo awo, a Herbert ndi a Blackson, anabwera kuchokera ku Usisya. A Herbert anandigwira pakhosi pakhonde la chipatala mpaka anamwino kutilekanitsa. Iwo akuti mwamuna wololeza mkazi wake kukamenyedwa ndi mpini pagulu si mwamuna, ndipo Loweruka pa 1 Seputembala adzabwera kudzatenga mlongo wawo ndi ana, banja lithere pomwepo. Ndawauza kuti simunavomere, kuti bodza linali langa. Sakukhulupirira. Akuti mwana wa mng'ona sangaulule dziwe la mkulu wake, ndikungokutchinjirizani. Anenetsa kuti kalata safuna. Akufuna inuyo mudzaime pamaso pawo.

Tsopano chimene chandipangitsa kung'amba makalata awiri aja.

Anthu onse kuno akuganiza kuti sindinadziwe. Akuti ndinayesa a Rhoda akulira za m'sewero, poti amalira mwaluso. Ku polisi ndinanena choncho. A Rhoda nawonso ananena choncho, ku polisi ndi kwa alongo awo.

Si zoona. Pa mkwapulo wachitatu ndinamva fupa likuthyoka. Ndinalimva m'manja mwanga kudzera mumpini. A Rhoda anadzutsa nkhope, nandiyang'ana. Sananene mawu a Nasibeko. Ananditchula dzina langa, Hudson, nandiuza m'Chitonga chathu kuti ndawapweteka. Ndinamva bwinobwino. Ndinayang'ana chala chija, ndipo ndinamenya kasanu kena.

Sindinaledzere, sindinapenge, ndipo ndinalibe nawo chifukwa chilichonse. Zaka zinayi zimene munawasiya m'manja mwanga akhala akundiphikira ndi kundichapira ngati mwana wawo. Ndinangoopa munthu wokhala phee ndi mapepala kuposa mmene ndinaopera kupha mlamu wanga. Ndayesa kufunafuna chifukwa china chabwinoko, sindikuchipeza.

Dzulo ndinapita kukawaona kunyumba kwanu, poti anatuluka m'chipatala Lachinayi. Anandiyankhula atayang'ana kukhoma. Anati ndisadzinamize kuti anabisa chifukwa cha ine. Anabisa chifukwa a Herbert akanandipha, mlongo wawoyo n'kukanyongedwa chifukwa cha munthu ngati ine. Anati ku Usisya sakufuna kupita, ana ali pa sukulu ndipo inu simunawalakwire. Mukabwera adzakhala. Koma pakhomo pamene ine ndikuponda, iwo sadzagonaponso.

Ndatulutsa katundu wanga m'chipinda chija chakuseri. Ndikugona m'sitolo ya mabuku kusukulu, ndipo ndapempha kuti andisamutsire ku Chitipa. Pakali pano amene akuwasambitsa ndi kuphikira ana ndi mayi Dinah, oyandikana nawo aja.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa akapitawo anu mukapemphe tchuthi tsiku lomwe mulandire kalatayi. Ndafunsa ku positi, akuti itenga masiku asanu ndi anayi kapena khumi, ndiye mukhala ndi sabata imodzi yokha. Musataye nthawi ndi kundiyankha. Mukafika musawakalipire a Rhoda za sewero. Anakwera pansanja paja akukhulupirira kuti mwamuna wawo wavomera.

Ngati a Herbert akakanebe kukhulupirira, muwapatse kalatayi awerenge yonse. Munthu wotchinjiriza mkulu wake sangalembe zimene ndalembazi. Ndikudziwa chimene adzachite akawerenga, ndipo ku Chitipa sindinyamuka mpaka inu mutafika. N'chifukwa chake ndasaina dzina langa lonse, kuti pasadzakhale wonena kuti analemba ndi wina.

Mundiperekere moni kwa amalume athu, asibweni a Timothy, ndi banja lawo ku Chingola. Za nkhaniyi amayi sanamvebe. Ndisiyireni ndikawauze ndekha. Chiuta akuyendetseni bwino panjira, ndipo achize alamu anga.

Yewo chomene.

Ine mng'ono wanu,
Hudson Yotamu Thole