Kalata Zanga ndi Cholembera Chofiira

3 Juni
Msonkhano wa zipatala zitatu: kathu kakang'onoka, cha mishoni ndi chachikulu. Tagwirizana: mayi woyembekezera khadi limodzi kulikonse, ambulansi yobwerekana, ndipo tiziimba foni tisanatumize munthu. Zabwino, bola zisathere pa bolodi.
Ndamuona Cholembera Chofiira! Mzamba wamkulu wa kuchachikulu uja, amene zaka zisanu ndi zinayi wakhala akundibwezera makalata otumizira odwala atawachonga ngati ndili sitandade 2. Ndinkayesa chimzimayi. Kamunthu kafupi, nsapato zakutha. Akuti, "Ndinu aja olemba ngati nkhuku yapalasa?" Ndaseka mano okha.

7 Juni
Tayesa. Mayi wa BP yokwera. Ndaimba, wayankha yekha Chofiira. Pofika bedi lili kale tayale. Kale akanayamba wauma pa benchi. Ndavina ndekha m'chipinda cha mankhwala.

12 Juni
Mwana wanga wabwera ku sikelo, miyezi isanu ndi itatu. Ndapapasa mimba kawiri. Wam'mimbayo wagona chopingasa. Manja angawa sanama.
Mdzukulu woyamba. Ndinkafuna kumulandira ndekha, pabedi lathu lapawindo. Mwana wangayo ndamuuza kuti si nkhani, kenako ndakalira kuseri kwa thanki. Ndili ndi mantha.

13 Juni
Sikani ya ku mishoni yavomereza. Alemba m'khadi lomwelo, palibe kufunsanso kuti munabadwa liti. Foni ndaizungulira mpaka masana. Kudzichepetsa kuwawa, koma ndaimba. Chofiira akuti, "Wanu? Ndiye wathu. Abwere Lolemba, adikirire konkuno."
Mkamwini wagula matewera odzaza katoni. Akuyesa tikubereka gulu.

26 Juni
Dzulo m'mawa matenda anayamba. Opaleshoni. Ndinathamanga ndi yunifolomu, kufika mpaka pakhomo la fiyeta. Chofiira ananditsekera ndi mkono: "Lero sindinu namwino, mayi. Benchi ilo."
Ndinakhala. Louma bwanji! Anthu onse ndinawatumiza kuno aja ankakhala pamenepa? Mphindi makumi anayi, ine diso pa chitseko.
Wamkazi, makilo 2.9. Mayi ake ali bwino, ayamba kale kudandaula njala.
Chofiira anatuluka naye yekha n'kundipatsira. Ine, amene ndalandira ana osawerengeka, pakamwa panangotuluka kuti, "Ndimugwire bwanji?"
Sanandiseke. Anandikonza chigongono, ine n'kumulola.